Ufumu wa m'nthano yanu ukamakana kuima, londolani dengu la mapira

Pafupifupi Lamlungu lililonse masana, tikaweruka kutchalitchi, timakumana anthu 7 kapena 8 m'chipinda china ku Rosettenville kuti tiwerengerane nthano zimene tikulemba m'Chichewa. Ambiri mwa ife timalemba za maufumu opeka, a mafumu, afiti, zinjoka ndi nkhondo, ndipo popeza ndinaphunzitsapo mbiri kusekondale ndisanabwere kuno ku Joni, zolemba zambiri zimayamba zafika pafoni yanga kudzera pa WhatsApp. Kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikuona vuto limodzi likubwerabwera mwa alembi osiyanasiyana. Ufumu umene wolemba wamanga umaoneka wokongola m'mitu yoyambirira, koma nkhondo kapena kuukira kukangoyamba, wowerenga amasiya kukhulupirira, ndipo amayamba kufunsa mafunso amene nthanoyo ilibe mayankho ake.

Mnyamata wina wa ku Dedza, amene amasoka zovala ku Fordsburg, anatiwerengera mutu umene mfumu yake inalamula asilikali 10,000 kuti anyamuke m'mawa mwake kukazinga linga la adani kutsidya kwa mapiri. Atamaliza, mayi wina wa m'gulu lathu, amene amaphika m'nyumba ina ya alendo ndipo amadziwa kuchuluka kwa ufa umene anthu 50 amadya pa tsiku, anafunsa mofatsa kuti, "Achimwene, nanga anthu onsewa adya chiyani panjira, ndipo wawaphikira ndani?" Mnyamatayo anayang'ana pepala lake kwa nthawi yaitali osayankha. Chilema cha nthano yake sichinali m'mutu wa nkhondowo, chinali kumayambiriro, kumene anaika mfumu pampando popanda kusonyeza chimene chimaidyetsa ndi chimene chimachititsa anthu kuimvera.

Njira imene ndimapereka kwa aliyense amene wakodwa chotere ndi imodzi. Tengani dengu limodzi la mapira m'munda wa mlimi wosauka wa kumalire a ufumu wanu, ndipo mulilondole mpaka likafike m'nkhokwe ya mfumu. Lembani dzina la aliyense amene denguli lidutse m'manja mwake, kuchuluka kwa mapira amene atapepo, ndi chimene iye akubwezera kwa mlimiyo ndi kwa mfumu. Pamene mulephere kuyankha, pomwepo ndi pamene ufumu wanu wathyokera.

Chuma chikamaoneka ngati chogwa kumwamba

Chizindikiro choyamba cha vutoli ndi mosungira chuma modzaza golide amene sakudziwika kochokera. Alembi ambiri amaganiza msonkho monga tiudziwira lero, umene umadulidwa pamalipiro mwezi ukatha, kapena umene umalowa mumtengo wa sopo pasitolo. Mfumu ya m'dziko lopanda mabanki, lopanda ziphaso ndiponso lopanda kalembera wodalirika singathe kudula kanthu pamalipiro a munthu. Imatenga chimene chikuoneka ndi maso, chimene sichibisika, ndipo imachitengera pamalo opanikizika: padoko pamene anthu amaolokera mtsinje, pachipata cha msika, pamgodi, podikha pamene mchere umaphikidwa, kapena pankhokwe nthawi yokolola.

Al-Bakri, amene analemba mu 1068 ali ku Spain, anafotokoza kuti mfumu ya ufumu wakale wa Ghana inkalandira dinari imodzi ya golide pa katundu aliyense wa mchere wonyamulidwa ndi bulu polowa m'dziko, ndi madinari awiri potuluka. Anafotokozanso kuti zibuma zonse za golide zinali za mfumu, ndipo anthu wamba ankaloledwa golide waufa yekha. Lamulo lachiwirili ndi lanzeru kwambiri, pakuti chibuma chachikulu sichigulitsika mobisa, ndiye amene wachipeza ndi kuchisunga amadzipalamulira yekha mlandu. Kwathu kwa Amaravi mtulo unkayendanso mwa njira yofananako. Njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko, ndipo zikopa za mikango ndi akambuku zinkapita kwa mafumu aakulu. Minyangayo ndi imene inkasinthidwa ndi nsalu ndi mikanda ya amalonda ochokera kunyanja yamchere, ndipo mfumu inkagawira nsaluzo mafumu ang'onoang'ono kuti asaitaye. Chotero mtulo unkakwera, mphatso n'kumatsika, ndipo amalonda atayamba kugula minyanga mwachindunji kwa mafumu ang'onoang'ono, mphamvu ya akuluakulu inayamba kuphwa.

Kukonza kwake n'kwakuti musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zimene ufumu wanu umadyerapo, ndipo chilichonse muchipatse malo ake pamapu ndi munthu wochiyang'anira. Kenaka muwerengetsere, ngakhale mwachidule, pakuti masamu ochepa amapulumutsa mitu yambiri. Tinachita zimenezi ndi mnyamata wa ku Dedza uja pachikuto cha kope lake. Msilikali aliyense akamadya kilogalamu imodzi ya ufa pa tsiku, asilikali 10,000 amamaliza matumba 200 a makilogalamu 50 tsiku lililonse. Ngati kulibe ngolo, ndipo mtengatenga mmodzi amasenza theka la thumba, ndiye kuti pafunika amtengatenga 400 kufika pamsasa tsiku ndi tsiku. Koma mtengatenga nayenso amadya. Ulendo ukakhala wa masiku 10 kupita ndi masiku 10 kubwerera, iye yekha amadya makilogalamu 20 mwa 25 amene wasenza. Apa m'pamene mnyamatayo anazindikira chifukwa chake ankhondo akale ankayenda m'mbali mwa mitsinje, ankadikira kuti mbewu zikhwime, ndipo ankalanda chakudya m'midzi ya anthu a mfumu yawo yomwe.

Maudindo akamangokhala mikanda ya m'khosi

Chizindikiro chachiwiri ndi maina aulemu ambirimbiri opanda ntchito. Zolemba zina zimafika zili ndi duke, earl ndi baron osakanizika ndi nduna ndi anyakwawa, ndipo ukamufunsa wolemba kusiyana kwawo amangoti uyu ndi wamkulu kuposa uyo. Ku England maudindo a olemekezeka anatsatana motere kuchokera pamwamba: duke, marquess, earl, viscount ndi baron, koma mndandanda umenewu sunabadwe tsiku limodzi. Duke woyamba wa ku England anaikidwa mu 1337, pamene Edward III anapatsa mwana wake wamkulu udindo wa Duke wa Cornwall, pomwe ma earl analipo kale William wa ku Normandy asanalande dzikolo mu 1066. Dzina la marquess likuchokera ku mawu otanthauza dera la kumalire, ndipo m'maiko a ku Ulaya wolondera malire ankapatsidwa ufulu wochuluka pankhondo ndi pamilandu chifukwa mdani sakanadikira kuti uthenga ukafike kulikulu ndi kubwerera. Ku Ethiopia maudindo ankanena okha malo a munthu pankhondo: fitawrari ankatsogolera gulu lakutsogolo, grazmach lakumanzere, ndipo qenyazmach lakumanja.

Udindo uliwonse m'nthano yanu uyankhe mafunso atatu: mwini wake amatolera chiyani, amaweruza milandu yotani, ndipo amabweretsa anthu angati mfumu ikaitana. Msilikali wapakavalo amene analandira malo ku England ankayembekezeka kutumikira masiku 40 pa chaka ndi zida zake, ndipo masikuwo akatha mfumu inkayenera kumulipira kapena kumuona akubwerera kwawo linga la adani lisanagwe. Pambuyo pake mafumu anayamba kulandira ndalama m'malo mwa utumikiwo kuti azilemba asilikali aganyu. M'mfundo imodzi yokhayi muli nthano yathunthu.

Ine ndimalimbikitsa anzanga kuti asathamangire maina a ku Ulaya pamene tili ndi athu amene owerenga amawamva m'mafupa. Aliyense wa ife amadziwa kusiyana kwa nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu, ndipo amadziwa kuti mlandu wa mbuzi yodya chimanga umathera pabwalo la nyakwawa pomwe mlandu wa malire a midzi umakwera. Pakati pa Achewa palinso mzinda, umene ndi ufulu wochititsa chinamwali ndi kukhala ndi dambwe, ndipo si mudzi uliwonse umene uli nawo, pakuti umachita kuperekedwa ndi mfumu yokulirapo. Mwini mzinda amalandira ulemu ndi mphatso kuchokera ku midzi imene ilibe. Wolemba amene angaike chinthu chotere mu ufumu wake wapeza kale chimene mfumu ingapereke pogula kukhulupirika popanda kutulutsa golide, ndiponso chimene ingalande polanga. Ndipo ngati munthu mmodzi walandira malo kwa mafumu awiri amene pambuyo pake ayambana, akuluakulu ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthuyo ndiye woyenera kukhala pakati pa nthano yanu.

Mfumu ikamalankhula dziko lonse n'kugwada nthawi yomweyo

Apa m'pamene ndimakhalitsa kwambiri ndi alembi athu, chifukwa vutoli ndi lozama kuposa enawo. Tonsefe tinakwerapo basi kuchokera ku Park Station kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, ndipo timadziwa kuti ngakhale ndi injini ndi msewu watala ulendowo umadya masiku awiri kapena kuposerapo, ndiponso kuti pamalire aliwonse pali munthu amene mawu ake ndiwo lamulo pa ola limenelo. Tsono ganizirani mthenga wapansi amene akuyenda mtunda wotere m'nyengo ya dzinja mitsinje itadzaza. Pamene akufika, lamulo limene wanyamula lakalamba ndi miyezi, ndipo amene akulilandira ali ndi ankhondo ake, nkhokwe zake ndi abale ake, pomwe mthengayo ali ndi ndodo yokha.

Mfumu imalamulira kudzera mwa anthu amene angathe kuikana. Mfumu John ya ku England, itataya dera lake la Normandy ku France mu 1204, inafinya olemekezeka ake ndi misonkho ndi zindapusa kuti ipeze ndalama zobwezera dzikolo, ndipo nkhondoyo italephereka pa Bouvines mu 1214, iwo anaikakamiza kuvomereza Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, pa Runnymede mu June 1215. Ndimapempha alembi kuti aone zimene olemekezekawo anadandaula, chifukwa ndi zapansi kwambiri. Anafuna kuti wolowa m'malo mwa earl azilipira mapaundi 100 okha polandira chuma cha bambo wake, kuti mkazi wamasiye asakakamizidwe kukwatiwanso, ndiponso kuti ndalama za m'malo mwa utumiki wa nkhondo zisatoleredwe popanda upo wa dziko. Anasankhanso anthu 25 oti aziyang'anira mfumu ngati ikusunga pangano. Ku Ethiopia, kuyambira 1769 mpaka 1855, mafumu a ku Gondar ankakhala pampando ndi ulemu wonse pamene mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa akuluakulu a zigawo, amene ankaika ndi kuchotsa mafumuwo. Kwathu, mbiri ya pakamwa imanena kuti Undi atasemphana ndi Kalonga anachoka kulowera kumadzulo atatenga Nyangu, mayi wamkulu wa ufumuwo, ndi amayi ena a banja lachifumu, ndipo popeza ufumu wa Aphiri umadzera kwa amayi, anatenga gwero lenileni la mafumu am'tsogolo. Lundu nayenso anakula kuchigwa cha Shire mpaka kuima payekha.

Kuti mukonze, tengani mapu anu ndi kulemba masiku a ulendo kuchokera kulikulu kufika kwa wolemekezeka aliyense. Amene ali pamtunda wa masiku awiri amamvera chifukwa cha mantha. Amene ali pamtunda wa mwezi amamvera chifukwa mwana wake akuleredwa kubwalo la mfumu, kapena mlongo wake anakwatiwa kumeneko, kapena pali mdani kutsidya amene sangalimbane naye yekha. Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, munthuyo ndi mfumu kale ngakhale asanadzitche choncho. Mupatsenso mfumu yanu miyendo. Mafumu ambiri akale a ku Ulaya ankayendayenda ndi bwalo lawo lonse, kudya chakudya kumene chalimidwa ndi kuweruza milandu pamaso pa anthu, pakuti kunali kosavuta kupititsa pakamwa kumene kuli chakudya kusiyana ndi kusenza chakudyacho. Njira ina ndi yoitana onse kuti abwere, monga zimachitikira pa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia chakumapeto kwa August, pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi ndi mphatso ndi malipoti a madera awo. Pamwambo wotere wa m'nthano yanu, mpando umene watsala wopanda munthu umanena zambiri kuposa kalata yolengeza nkhondo.

Anthu akamaukira popanda chowawawa

Nthano zambiri zimene ndalandira zimati anthu anaukira chifukwa mfumu inali yoipa mtima. Anthu amapirira mfumu yoipa mtima kwa zaka zambiri. Chimene chimawadzutsa kawirikawiri ndi msonkho watsopano, wotoleredwa mwa njira yatsopano, ndi munthu wachilendo amene walowa m'mudzi kudzawerenga mitu. Ku England mu 1381 anthu anaukira pa msonkho wa pamutu wachitatu m'zaka zinayi, umene unafuna shileni imodzi kwa aliyense wopitirira zaka 15, ndipo atafika ku London motsogozedwa ndi Wat Tyler anatentha zikalata ndi kudula mitu ya msungichuma ndi bishopu wamkulu wa Canterbury, koma Richard II, amene anali ndi zaka 14, ankamunenabe kuti ndi mfumu yawo. Kuno ku South Africa, Bambatha wa Amazondi anaukira mu 1906 boma la Natal litaika msonkho wa paundi imodzi pamutu pamwamba pa msonkho wa nyumba, ndipo anagonjetsedwa pa Mome Gorge m'chaka chomwecho.

Ife Amalawi a ku Joni sitifunika kuuzidwa zimene msonkho umachita. Msonkho wa nyumba wa atsamunda unkafuna ndalama kwa anthu amene chuma chawo chinali m'nkhokwe ndi m'khola, ndipo pofuna ndalamazo agogo athu analowa thangata m'minda ya azungu kapena anatsika kudzagwira ntchito m'migodi imene milu yake ya dothi timaiona tikamadutsa kumwera kwa mzinda uno. Ndikamawerenga nthano imene mfumu yasintha msonkho kuchoka pa mapira kupita pa ndalama koma m'midzi osasintha kanthu, mtima umandipweteka, chifukwa wolembayo ali ndi mbiri imeneyi m'banja mwake momwe. Sonyezani amuna akuchoka, minda ikutsala ndi amayi, ndi nyakwawa amene wapanikizika pakati pa wotolera msonkho ndi mbumba yake, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Za kulowa ufumu sindichulukitsa mawu. Musanaphe mfumu yanu, dziwani amene ali ndi mphamvu yosankha wolowa m'malo. Mu ufumu wa Roma wa ku Germany, chikalata cha mu 1356 chinakhazikitsa osankha 7, atatu mwa iwo mabishopu aakulu. Kwa Achewa mwana wa mlongo wa mfumu ndiye amayang'anidwa, ndipo amayi akuluakulu a mbumba ndiwo amakhala pansi kusankha, pomwe kwa Angoni ufumu umatsata bambo. Wofuna mpando amayamba wakopa osankhawo, ndipo malonjezo amene wapereka usiku umenewo ndiwo amamanga manja ake akalongedwa.

Matsenga akamagwetsa zonse zimene mwamanga

Chotsala ndi chimene chimasiyanitsa nthano zathu ndi mabuku a mbiri. Ngati m'dziko lanu muli munthu wotha kugwetsa mvula, kuyendetsa napolo kuchokera m'phiri, kapena kutumiza mawu kutali m'kanthawi kochepa, wowerenga adzafunsa chifukwa chake munthuyo sali mfumu. Yankho lisakhale lakuti ndi wofatsa. Makolo athu anali nalo kale yankho labwino, pakuti analekanitsa mphamvu ya mkondo ndi mphamvu ya mvula. Makewana, mayi wopempha mvula wa ku Msinja, ndi kachisi wa M'bona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ankalandira nsembe ndi mphatso kuchokera kwa mafumu, ndipo anali ndi miyambo yowamanga imene inkawaletsa kukhala monga anthu ena. Mfumu inkafuna mvula, kachisi ankafuna chitetezo, ndipo chilala chikagwa panali pofunsa kuti walakwa ndani. Wamatsenga wanu akhale ndi chomumanga chotere, ndipo dengu la mapira lija lidutsenso pakhomo pake. Ngati matsengawo amafupikitsa mtunda, bwererani ku mapu aja ndi kufafaniza masiku a ulendo, ndipo muvomereze zotsatira zake: olemekezeka a kumalire ataya ufulu wawo, ndipo amene amanyamula mawu a mfumu mwamatsenga angathe kuwasintha panjira popanda womugwira.

Mnyamata wa ku Dedza uja anabweranso patapita milungu itatu ndi mutu wake atawulembanso. Asilikali anatsika kufika pa 1,200, ndipo ananyamuka mapira atakololedwa. Mfumu isananyamuke inayenera kukagona masiku awiri kwa mwini doko la pamtsinje waukulu, mkulu wokalamba amene mabwato ake okha ndiwo akanaolotsa ankhondowo, ndipo mkuluyo anapempha mzinda wa mudzi wa mlongo wake ndi kukhululukiridwa mtulo wa mchere kwa zaka ziwiri. Mfumu inavomera ikukukuta mano. Mayi wophika uja anamvetsera mpaka kumapeto atatsamira khoma, kenaka anafunsa kuti, "Nanga mafumu ena akamva kuti wapadoko sakupereka mchere, iwo apereka?" Mnyamatayo anatsegula tsamba lina la kope lake, ndipo pamwamba pake panali patalembedwa kale dzina la nduna imene idzayambe kukana.